Chidindo si Chikoti

Msewu wochoka mumzinda wa Blantyre kupita ku Mwanza umadutsa kwathu kuno ku Chirimba. Basi ya ku Joni ikanyamuka m'tauni imadzera pamsika pathu, kufika pa Kameza, kupitirira pa Lunzu, kuoloka Shire pa Zalewa, kenaka n'kukhotera kumanzere kulunjika kumalire. Choncho ife a ku Chirimba nkhani za m'njira sitichita kuzifunafuna, zimatipeza pakhomo. Kuno n'kovuta kupeza mdadada wa nyumba wopanda mwana amene ali ku Joni, kapena mayi woyenda geni ya ku Tete, ku Harare ngakhale ku Johannesburg. Anthu amenewa akabwerako sadandaula kwenikweni za kutalika kwa mtunda, pakuti zoti kuyenda n'kotopetsa adazivomereza kale. Chomwe amabwera nacho kukhosi ndi zimene adakumana nazo pazipata za m'malire, m'manja mwa anthu a yunifolomu.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo zaka zomwe ndakhala kuseri kwa tebulo la muofesi zikuyandikira 20. Tsono pamene ndikudzudzula ogwira ntchito pazipata, ndikunena anzanga omwe timalandira malipiro kuchokera m'thumba limodzi la misonkho. Mfundo yanga ndi iyi: kunyoza ndi kuzunza munthu wapaulendo si lamulo, ndipo sikuteteza dziko. Ndi chizolowezi chabe chomwe chimasankha anthu osauka, ndipo chidazika mizu chifukwa tonsefe, kuphatikizapo ife alembi, tidachilandira ngati mbali ina ya ulendo, monga fumbi ndi kutupa kwa mapazi.

Tiyeni tiyambe tawerenga mawindo. Munthu wopita ku Johannesburg pabasi amayenda makilomita oposa 1,600 ndipo pasipoti yake imadindidwa kasanu n'kamodzi. Atuluke pa Mwanza, alowe pa Zobue. Adutse Tete, aoloke Zambezi, atuluke pa Cuchamano, alowe pa Nyamapanda. Adutse Harare ndi Masvingo, atuluke pa Beitbridge mbali ya Zimbabwe, aoloke Limpopo, alowe mbali ya South Africa. Pobwerera ndi chimodzimodzi, zidindo zonse pamodzi n'kukwana 12. Pawindo lililonse pali munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yomuloleza, yomuchedwetsa kapena yomubweza kumene wachokera. Basi ili panja, dalaivala akuliza hutala, ndalama za m'thumba n'zowerengeka, usiku ukuyandikira. Palibe pena pomwe munthu amachepa mphamvu kuposa apa, ndipo wakuseri kwa windo amadziwa bwino lomwe.

Madandaulo a apaulendo amafanana ngati adachita kupangana. Loyamba ndi la kalankhulidwe. Mayi wa zidzukulu, amene kumudzi ndi kumpingo amamupatsa mpando, pawindo amasanduka "iwe". Mnyamata wamsinkhu wa mwana wake amamukalipira: "Iwe, ukukatani kumeneko? Uli ndi ndalama zingati?" Mafunsowo ndi oyenera, koma kafunsidwe kake ndi ka munthu amene wagwira mbala. Akatha kudinda, pasipotiyo saipereka m'manja, amachita kuiponya. Ena amanena kuti tsidya linalo umapeza ofesala wokulankhula Chipwitikizi chokhachokha, chonsecho posachedwa pomwepo wamumva akucheza ndi mnzake m'Chinyanja chomveka bwino. Lachiwiri ndi la nthawi. Windo limatsekedwa popanda wonena chifukwa, mzere uli padzuwa, ana akulira kumbuyo. Kuchedwetsa kotereku nthawi zambiri sikukhala kwangozi, chifukwa munthu akatopa, dzanja limapita lokha m'thumba.

Dandaulo lachitatu ndi la chipikisheni. Kufufuza katundu ndi ntchito yololedwa, koma kukhuthulira chikwama cha mayi pafumbi ndi kukweza zovala zake zamkati m'mwamba pamaso pa abambo, apongozi ndi ana, ndi chipongwe chomwe ngakhale kumudzi akadachitengera kubwalo. Lachinayi ndi la ndalama zopanda lisiti. Basi ikamayandikira chipata, kondakitala amadzuka n'kuyamba kutolera "ya fanta ya mabwana", kapena kulangiza kuti aliyense apinde kangachepe m'kati mwa pasipoti. Wokana amaonedwa ngati mdani wa basi yonse, pakuti ndiye achedwetse anzake. Palinso nkhani ya masiku. Mmalawi amaloledwa kulowa ku South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma apaulendo ambiri amadandaula kuti wopanda kanthu m'manja amalemberedwa masiku ochepa osakwanira zomwe wayendera. Chikhalirecho, kuyambira mu 2014 malamulo a dzikolo amati wopyoza masiku ake aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Apa mutha kuona kuti cholembera cha munthu mmodzi chikhoza kutseka geni yomwe imadyetsa banja lonse.

Kuti khalidweli limasankha nkhope ndidaziona ndi maso anga pachipata china chomwe sindichitchula dzina. Ulendo woyamba ndidadutsapo pantchito, m'galimoto ya boma, nditavala tayi, kalata ya kuofesi ili m'manja. Adatilandira ndi "mabwana, takulandirani", natipatsa mipando pamthunzi, ndipo mapasipoti athu adapita okha n'kubwera atadindidwa. Patapita miyezi ingapo ndidadutsanso pomwepo pabasi, ndikupita kumaliro a m'bale wathu tsidya linalo, nditavala malaya wamba ndi nsapato zafumbi. Tidaima maola atatu. Patsogolo panga padali bambo wina wachikulire amene dzanja linkanjenjemera polemba fomu. Ofesala adamulanda fomuyo namufunsa mokweza kuti sukulu adaithawiranji, kenaka n'kumuuza kuti akayambirenso kumbuyo kwa mzere. Anthu ena adaseka, kuseka kwa mantha. Ndidawalembera fomu bambowo, ndipo pondithokoza adangoti, "Zikomo mwanawe, Mulungu aona." Pasipoti yanga idali yomweyo, nkhope yomweyo, lamulo lomwelo. Chidasintha ndi tayi ndi galimoto basi.

Kodi mtima umenewu udachokera kuti? Choyamba tikumbukire kuti malirewa sitidalembe ndife. Mzere wolekanitsa Malawi ndi Mozambique udachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo udadula pakati pa mabanja, minda ndi manda. Yemwe adayendapo pamsewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza amadziwa kuti cha ku Lizulu mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, koma anthu ake ndi amodzi. Chaka ndi chaka mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tsono munthu amene ofesala akumuyang'ana ngati mlendo woopsa, kawirikawiri amakhala mfumu yake, msuweni wake kapena mlamu wake.

Chachiwiri, pepala la paulendo lidabwera kwathu kuno ngati chingwe chomangira wantchito. Agogo athu popita ku Halale kapena kumigodi ya ku Joni ankayenda ndi chitupa. Ena ankalembedwa ndi Wenela, ena ndi Mthandizi, ena ankangoyenda mwa selefu, kuzemba m'tchire. Olembedwawo ankavulidwa, kupimidwa thupi lonse ndi kudindidwa zala, monga momwe wogula ng'ombe amaiyang'anira mano. Dzina la Wenela lidatsalira mpaka lero pamalo okwerera basi mu Blantyre muno. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu Epulo 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, Dr. Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi. Udayambiranso pambuyo pake kudzera ku TEBA, koma udathera pamkangano wa mu 1988, pomwe South Africa idafuna kuti Amalawi aziyezedwa kaye HIV, ndipo anthu pafupifupi 13,000 adabwerera kumudzi. M'mbiri yonseyi munthu wakuda wapaulendo ankaonedwa ngati manja ogwira ntchito, ngati wothawa msonkho kapena ngati wonyamula matenda. Mu 1964 wokhala kuseri kwa tebulo adasintha khungu, koma diso loyang'anira wapaulendo lidatsala lomwe lija.

Boma la chipani chimodzi lidaonjezerapo zake. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ofika pabwalo la ndege la Chileka, lomwe lili pafupi ndi kwathu kuno, kapena pazipata za pamtunda, ankatha kumetedwa pomwepo asadalowe m'dziko. Mabuku ndi magazini a m'zikwama ankavundukulidwa kufuna zoletsedwa ndi bungwe lounika zolembalemba lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Ofesala wa nthawi imeneyo adaphunzira kuti thupi la wapaulendo, tsitsi lake, chovala chake ndi zomwe akuwerenga, zonse zili m'manja mwake. Lamulo la kavalidwe lidachotsedwa mu 1993, koma chizolowezi sichifafanizidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Chimachoka kwa ofesala wamkulu kupita kwa wamng'ono monga momwe mwana amatengera kayendedwe ka bambo wake.

Komatu lero tili ndi malamulo aakulu a dziko omwe tidalandira mu 1994, ndipo amanena zomveka. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense. Gawo 39 limapereka ufulu woyenda, wotuluka m'dziko ndi wobwereramo. Gawo 43 limati wogwira ntchito m'boma akachita chinthu chokhudza ufulu wa munthu, achichite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo apereke zifukwa zake molemba. Palibe pomwe padalembedwa kuti magawo amenewa amathera pa Zalewa. Ndipo mawu oti "munthu aliyense" sasiya kunja wa ku Mozambique, wa ku Burundi kapena wa ku Ethiopia amene waponda nthaka yathu.

Wina anena kuti ndikuweruza mlandu nditamva mbali imodzi. Ndiyetu tiimve inayo. Ntchito ya pachipata ndi yolemetsa. Anthu ndi ochuluka, maofesala ndi ochepa, malipiro sakumanitsa mwezi, nyumba zogona ndi zosowa, magetsi akazima makompyuta amaima. Apaulendo nawonso si angelo. Alipo onama, oyenda ndi mapepala achinyengo, obisa katundu pansi pa mipando, ndi ena amene amayamba okha kutambasula dzanja ofesala asadapemphe. Alipo ozembetsa ana ndi atsikana. Ndiponso alipo maofesala okhulupirika, ndipo ndi ambiri, omwe amagwira usiku wonse mwaulemu popanda wowayamika. Zonsezi ndi zoona. Koma palibe ngakhale chimodzi mwa izi chomwe chimafuna kuti gogo atchedwe "iwe" kapena kuti pasipoti iponyedwe pansi. Namwino wa pachipatala cha boma ndi mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi nawonso amalandira zochepa, koma tikamva kuti atukwana wodwala kapena mwana sitinena kuti ndi malipiro. Mawu oti mbuzi imadya pomwe aimangirira tidawasandutsa chikopa cha umbava, kuiwala kuti msipu womwe mbuzi imeneyi ikudya ndi mpamba wa mayi wamasiye.

Ena amati ukali ndiwo chitetezo, kuti ofesala akamwetulira dziko lilowedwa. Zomwe zidachitika zikutsutsa. Mu Malichi 2020, pa Mussacama m'chigawo cha Tete, akuluakulu a ku Mozambique adatsekula lole yomwe idachokera mbali ya kuno ku Malawi napezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, 14 okha ali moyo. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mudapezeka matupi 30 a anthu omwe akukhulupiriridwa kuti adali a ku Ethiopia. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu Juni 2012, anthu oposa 40 a dziko lomwelo adamira pa nyanja cha ku Karonga. Tidzifunse: anthu ochuluka chotere amayenda bwanji kuchokera kumpoto mpaka kumwera, kudutsa zipata ndi malodibuloko onse aja, pomwe mayi wa zitenje khumi amakhuthulidwa chikwama paliponse? Yankho ndi lakuti pamene ndalama ndiyo ikutsekula chipata, wodutsa mosavuta ndi amene ali nazo zambiri, ndipo ameneyo ndi wozembetsa anthu, osati mayi wa geni. Dzanja lomwe lazolowera kulandira K2,000 ya m'pasipoti silidzakana envulopu yonenepa. Choncho ukali wa pawindo ndi chiphuphu ndi ana a mimba imodzi, ndipo onse awiri amafooketsa chitetezo chomwe amanamizira kuteteza.

Tikamakamba za nkhanza zimenezi timafulumira kuloza chala kumwera, ndipo zifukwa zilipo. Amalawi ambiri adagonako ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Bungwe loona za ufulu wa anthu la ku South Africa lidatulutsa lipoti lodzudzula malowa m'chaka cha 2000. Mu 2014 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti kusunga munthu kumeneko kupyola masiku 120 n'kuphwanya lamulo, ndipo mu 2017 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo lidati womangidwa pa nkhani ya mapepala azionekera pamaso pa woweruza pasadathe maola 48. Zigamulo zimenezi sizidathetse mavuto onse, koma zikutiphunzitsa kanthu: zidatheka chifukwa padali anthu omwe adalemba zomwe zinkachitika, maina, masiku ndi malo, n'kupita nazo kubwalo. Nkhanza yosalembedwa imakhala ngati sidachitike.

Nanga ife eni ake tikadziyang'ana pagalasi tikuona chiyani? Mu Meyi 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, abale athu obwerera kuchokera ku South Africa pamabasi adakawatsekera pabwalo la masewero la Kamuzu mu Blantyre muno kudikira zotsatira za kuyezedwa. Adadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, mpaka anthu oposa 400 adathawa. Ambirife tidawanena kuti ndi osamvera, koma ndi angati adafunsa ngati umo ndi momwe mwana wobwera kutali amalandiridwira pakhomo pa amake? Mu 2015 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidadandaula za anthu a ku Ethiopia omwe ankasungidwa mothithikana kundende ya Maula, ena atamaliza kale chilango chawo. Mu Meyi 2023 achitetezo adagwira anthu othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'makwalala a Lilongwe, ndipo mazanamazana, ana omwe, adayamba agona ku Maula asadawapititse ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumsasa womwe udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma panthawiyo n'kuti uli ndi oposa 50,000. Boma lidati likutsata lamulo loti othawa kwawo azikhala kumsasa. Chabwino, koma kodi lamulolo lidalamula kuti mwana agone m'ndende? Dziko lomwe lino ndi lomwe lidasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo ya kwawo isadathe mu 1992, anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza n'kugawana nawo minda ndi zitsime. Makolo athu adati mlendo ndi mame. Mtima umenewo ukadalipo m'midzi, koma ukafika pa tebulo la boma umazilala.

Ndipotu kwa Mmalawi, chipata choyamba si Mwanza. Ndi ofesi yopangitsira pasipoti. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowedwa ndi akuba a pakompyuta, ndipo ntchitoyo idaima kwa masabata angapo. Odwala ofuna thandizo kunja, ophunzira ndi amalonda adagona pamizere. Chaka chomwecho mtengo wa pasipoti wamba udatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, zomwe zidali zabwino. Koma paliponse pomwe mzere watalika ndipo palibe wofotokoza chomwe chikuchitika, pamamera madobadoba. Munthu amene wayamba ulendo wake pogula ufulu wake kwa dobadoba amafika pamalire ataphunzira kale kuti boma salankhula nalo chimanjamanja.

Tsopano ndibwere kwa ife alembi ndi okonda zolembalemba, pakuti pano ndi pabwalo pathu. Nkhani ya ulendo ndi msana wa zolemba zathu. Buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe lidatuluka mu 1933, lili ndi mnyamata wochoka pamudzi kukasaka ntchito kumaiko a kumwera. Legson Kayira, m'buku lake la Chingerezi la I Will Try la mu 1965, adafotokoza za ulendo wake wapansi womwe adauyamba mu 1958 wopanda pasipoti, kudzera ku Uganda mpaka ku Khartoum, kufuna maphunziro a ku America. Nyimbo ya A Phiri Anabwera ya Nashil Pichen Kazembe wa ku Zambia idatchuka chifukwa cha mtchona wobwerera kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu. Nkhani zazifupi za m'nyuzi ndi masewero a pawailesi nazo zadzaza ndi amuna a ku Joni, akazi otsala pakhomo, ndi maukwati otha chifukwa cha mtunda.

Koma mwa zomwe ndawerenga ndi kumvera m'Chichewa, ndaona kuti timakonda malo awiri: tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera. Wapaulendo timamusiya akukwera basi pa Wenela, tsamba lotsatira ali kale ku Joni. Mawindo asanu n'limodzi aja timawalumpha ndi chiganizo chimodzi choti adayenda bwino. Komanso nkhani zathu zimathera pomuweruza wapaulendoyo: adaiwala kwawo, adasiya mkazi, adabwera ndi matenda, adabwera chimanjamanja. Phunziro limakhala loti akadangokhala pakhomo. Potero, mosazindikira, timaima mbali imodzi ndi ofesala uja, kumuyang'ana woyenda ngati wolakwa amene zomwe zamugwera n'zomuyenera. Wa yunifolomu akapezeka m'sewero amakhala woseketsa chabe, wamimba yaikulu wopempha ya fanta, ife n'kuseka, nkhani n'kutha. Kuseka kumeneko ndi komwe ndidakumva pamzere paja.

Chonsecho pachipata ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Pali mayi amene wasoka ndalama za mpamba mumpendero wa chitenje. Pali mnyamata wonyamula mtembo wa mkulu wake kuchokera ku Joni, mapepala a maliro ali m'manja, wina akumuuza kuti chidindo chimodzi chasowa. Pali ofesala wachitsikana amene wangoyamba ntchito, yemwe anzake akumuuza kuti akakana gawo lake amusamutsira kutchire. Pali kondakitala yemwe ali pakati, wodyera mbali zonse. Mlembi amene angakhale pansi n'kutilembera usiku umodzi wa pa boda moona mtima, wopanda kusandutsa ofesala chilombo kapena wapaulendo mngelo, adzakhala atatithandiza kuposa masemina khumi a m'mahotela a kunyanja.

Kudzudzula kopanda njira ndi phokoso, choncho nazi zomwe ndikuona kuti n'zotheka popanda kudikira thandizo la kunja. Ofesala aliyense avale dzina ndi nambala yake poonekera. Ndalama zonse zoyenera kulipidwa zilembedwe pachikwangwani chachikulu m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo pansi pake palembedwe kuti ndalama yopanda lisiti si ya boma. Wobwezedwa kapena wolandidwa katundu apatsidwe chifukwa cholembedwa, monga gawo 43 likunenera. Amayi afufuzidwe ndi amayi anzawo, m'chipinda, osati pabwalo. Amalonda ang'onoang'ono auzidwe za ndondomeko ya bungwe la COMESA yomwe imapeputsa mapepala ndi msonkho pa katundu wina wosapitirira madola 2,000 a ku America pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, chifukwa wosadziwa ufulu wake ndiye ndiwo ya wachinyengo. Nambala za foni za ofesi ya Ombudsman ndi bungwe lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau zikhale pakhoma pomwe pali mzere. Maofesi a akazembe athu ku Maputo, Harare ndi Pretoria, ndi ofesi yathu ya ku Tete, azilandira madandaulo a apaulendo ndi kuwatula kwa eni maikowo. Eni mabasi nawo aletse makondakitala awo kusonkhetsa.

Nyumba zatsopano zimathandiza. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chidasanduka cha malo amodzi mu Disembala 2022, kuti wapaulendo aziima kamodzi m'malo mwa kawiri, ndipo Beitbridge ya mbali ya Zimbabwe idamangidwanso mwamakono. Koma simenti ndi makompyuta sizilonjera munthu. Mawu oti "mwaswera bwanji amayi, tikuthandizeni" safuna bajeti, safuna ngongole ya ku World Bank, ndipo satenga nthawi yoposa ya kukalipa.

Kwa anzanga a pawindo, a dziko lino ndi a maiko oyandikana nafe, ndikuti chidindo chili m'manja mwanucho si chanu. Chidagulidwa ndi msonkho wa anthu omwe ali pamzerewo, ndipo mudangobwerekedwa kuti muwatumikire nacho. Yunifolomu imavulidwa. Tonse a m'boma tsiku lidzafika lopuma pantchito, ndipo tidzaima pamzere ndi mafayilo athu a penshoni m'manja, kutsogolo kwa mwana wamng'ono amene sakudziwa kuti tidali yani. Ena mwa inu mudzakwera basi yomweyo kukaona ana anu ku Joni, maso atayamba kuchita chidima, dzanja likunjenjemera pa fomu. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khalidwe lomwe mukuphunzitsa achinyamata olowa ntchito lero ndi lomwe lidzakulandireni pawindo tsiku limenelo.